Chidakwa ndi Mwendo wa Tebulo

9 Ogasiti

Okondedwa Achemwali,

Foni ya kuchipatala inandipeza pamakwerero, ndikubwezera mabuku pashelefu. Namwino atanena kuti bambo a kunyumba kuno, alamu anu, atisiya, ndinayamba ndaika pamalo pake buku linali m'manja mwangalo, kenaka ndinatsika. Za maliro munaziona nokha. Zomwe simukuzidziwa ndi za Loweruka lapitali.

Mukukumbukira kachipinda ka kuseri kwa laibulale yathu, momwe bambo ankaphunzitsira akuluakulu kulemba malamulo a kompyuta? Anali ndi kaloboti ka matayala awiri. Ukalemba kuti "pita kutsogolo, khotera kumanja", iko kamatero. Ophunzira anakatcha Chidakwa.

Abwana anati pakasowa wopitiriza kalasiyo, m'chipindamo aunjikamo mipando yothyoka. Ndinati ndiyesa, ngakhale zomwe ndikudziwa n'zongotolatola pakhomo. Pokonzekera ndinapeza kuti pamzere wina wa malamulo a Chidakwa bambo analemba "kumanzere" pofunika "kumanja". Ndinalira, Achemwali, poganiza kuti matenda anayamba kale kuwasokoneza mutu ine osaona. Ndinakonza mwakachetechete kuti anthu asawaseke.

Loweruka kunabwera ophunzira akale ndi atsopano omwe. Chidakwa anazungulira tebulo bwinobwino n'kudzaima pamapazi panga.

"Aa, mayi, ndani wamuletsa mowa ameneyu?" anafunsa a Mabuleki, dalaivala wopuma ntchito.

Mayi ena osoka zovala anandigwira mkono. "Pakabwera atsopano, aphunzitsi ankalakwitsa dala. Kakagunda mwendo wa tebulo, iwo manja kumutu, 'Kalanga ine, ndithandizeni anzanga!' Ine ndinabwera ndikuopa ngakhale kukhudza batani, koma tsiku lomwelo ndinakonza cholakwa cha aphunzitsi. Ndiye ndikanathawanso bwanji?"

Ndinagwada pansi. Mwendo wa tebulowo ndi wosupuka penti, pamsinkhu wa Chidakwa ndendende. Mutu wawo unali bwinobwino, Achemwali.

Ndinabwezera "kumanzere" uja, Chidakwa n'kukagunda mwendowo kuti gu! A Mabuleki ndiwo anandinenera "kalanga ine" wa bambo uja. Patapita kanthawi, mayi wina watsopano, yemwe anali atakhala pafupi ndi chitseko chikwama chili pamiyendo, anadzuka n'kuloza mzerewo ndi chala.

Choncho chipinda chomwe mwandikonzera kwanuko apatseni ana, panopa sindibwera. Musandikwiyire. Abwana ndawauza kuti mipando yawo aipezere kwina. Mukafunsa ngati ndikudya, ndikudya. Za tulo musafunse.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Muwauze anawo kuti Chidakwa akadalipo, ndipo mowa sanasiye.

Kuno kwatsala ine, ophunzira, tebulo losupuka mwendo, ndi mzere umodzi wolakwika umene sindidzaukonzanso.

Ndine mng'ono wanu wokukondani.