Getsi la pa Njanji

Lachinayi. Tsiku la magazi.

Sitima ya ku Leeds yagunda a Gondwe a kutchalitchi kwathu, powolokera anthu paja pamene getsi lochenjeza linafa kalekale. Awabweretsa kuchipatala pa shifiti yanga, mwendo utatsala pa njanji. Ndikudula buluku lawo ndi sizasi, iwo n'kumati, "Pepani asisitala, ndakudetserani yunifolomu."

Pepani! Makalata anga onse atatu odandaula za getsilo ndinawayamba ndi mawu omwewo. A khonsolo anati ndi za anjanji, anjanji anati ndalama zimachokera ku London. Ine n'kuthokoza ngati chitsiru.

Mawa sindilemba kalata. Ndikaponya buluku lamagazilo padesiki pa a khonsolo, ndipo wina akangoyerekeza kunena kuti "sorry"...