Mkonono wa Achimwene

Matero, Lusaka
14 Julayi 2024

Okondedwa achemwali anga a Ndaona,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana ku Dedzako. Kuno kuzizira kwatikwana, magetsi nawo akungobwera mwa apo ndi apo. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni mumandidula mawu, pamene nkhaniyi ikufuna mundimve mpaka kumapeto.

Kodi mukukumbukira masana a Lamulungu pakhomo pathu paja? Tikabwera kutchalitchi abambo ankavula jekete, n'kukhala pakhonde wailesi ili pamiyendo, ndipo nyimbo yoyamba isanathe mkonono unali utayamba. Mpaka nyumba yachitatu ankadziwa kuti a Blackson aweruka. Ife atatu, inu, achimwene a Chabwera ndi ine, tinkakhala pansi kudikira kuti mkonono uduke. Ukaduka tinkawerenga monong'ona mpaka abambo adzidzimuke n'kukoka mpweya ngati munthu wovuuka m'madzi, ndipo wolosera bwino nambala ankadya chitumbuwa cha anzake. Inu munkabera, musakane, munkawerenga mothamanga. Amayi ankangoseka, amvekere mwamuna wosungidwa bwino ndiye amaliza mkonono. Masiku amenewo ndimawasowa koopsa.

Mkonono umenewo ndinaumvanso mu Meyi, koma m'minibasi. Ndinakwera imene achimwene amayendetsa, ndikupita kutauni, ndipo ndinakhala kumbuyo kwawo kwenikweni. Titaima pamzere wa magalimoto mumsewu wa Lumumba, dzuwa lili pamutu, mutu wawo unagwa. Basi inayamba kuyenda yokha mpaka inagunda wilibala ya tomato, mayi wina wonyamula khanda n'kumenyetsa chipumi pagalasi. Achimwene anauza anthu kuti ndi mabuleki, anthu n'kukhulupirira.

Mawa lake ndinapita kwa mlamu wathu Chrissie. Ndinamupeza akuchapa, ndipo nditamufunsa za kagonedwe ka achimwene, poyamba anakana kwamtuwagalu. Kenako anaika manja m'beseni n'kuyamba kulira.

"Ba mulamu, alangizi bananiuza ati va ku bedirumu sivichoka panja," anatero. "Manje bamuna banga bamaleka kupuma. Nimabagunda na chigongono kuti bauke. Zaka faivi ine sinigona bwino."

Zaka zisanu, achemwali, mwana wa eni akulondera mpweya wa mlongo wathu yekha, kuopa kuti tingamunene kuti sanalangidwe! Ndinachita manyazi ine m'malo mwa alangiziwo.

Ndinafotokozera ba Bwembya, namwino amene timaimba naye kwaya. Anati amenewa ndi matenda, ndipo ali ndi chithandizo chake. Munthu akagona pakhosi pamatsekeka, mpweya umaima, mtima umagwira ntchito mokakamizika, BP imakwera, ndiye masana amangosinza paliponse. Pamenepo ndinakumbukira sitiroko imene inatenga abambo asanakwanitse zaka makumi asanu ndi zitatu. Sindine dokotala kuti ndinene motsimikiza, koma mtima wanga ukundiuza kuti ife tinkawerenga matenda a bambo athu n'kumadyerapo zitumbuwa.

Ba Bwembya anati kuyeza kwake munthu amagona kuchipatala atamumata timawaya, ndipo mzere wake ndi wa miyezi. Koma pakali pano kuli madokotala amene akufufuza ngati mapuloteni ena a m'magazi angaonetse matendawa msanga. Sanandinamize, anati magazi paokha sanafike podaliridwa, n'chifukwa chake aliyense wopereka magazi pang'ono akumuyezanso ndi timawaya tija kuti afananize. Anawapezera achimwene malo Lachinayi pa 25 Julayi.

Ndinathamanga ndi nkhaniyi ngati ndatola ndalama, koma mukuwadziwa achimwene anu.

"Iwe Tine, magazi yanga ni yophunzirirapo bantu?" anandikalipira. "Batate benze kuchita nkonono, banafa na BP, osati tulo. Ukauzako muntu, ine nchito yasila. Bana banga uzabadyesa ndiwe?"

Tsopano mvetserani chimene ndachita, mundikalipire mukamaliza kuwerenga. Ndinapirira masabata atatu, m'mawa uliwonse ndikuona basi ija ikudutsa itadzaza ana a sukulu. Kenako ndinapita kwa ba Mpundu, eni ake a minibasi, n'kuwauza kuti mabuleki alibe vuto. Tsiku lomwelo anawalanda makiyi. Anena kuti malo awasungira mpaka kutha kwa Ogasiti, akabweretsa kalata ya dokotala adzabwerera pachiwongolero, akapanda kutero alemba wina.

Panopa achimwene akungokhala pakhomo, ana anayi akuwayang'ana. Chrissie sakulankhulidwa chifukwa anaulula za kuchipinda, ine ndiye ndasanduka mfiti ya pamtundu. Nthawi zina ndimadzifunsa ngati ndinafulumira, koma ndikakumbukira khanda lija ndimaona kuti ndikanachitanso zomwezo.

Pempho langa ndi limodzi. Abambo atamwalira ndinu munasiya sukulu kuti achimwene amalize yawo, ndipo mpaka lero munthu amene amamuopa ndi inu nokha. Aimbireni lisanafike Lachinayi lija. Musawanyengerere, mulankhule ndi mawu anu aja a pakhomo, muwauze kuti kabotolo ka magazi sikanaphepo munthu. Muwauzenso kuti Chrissie alibe mlandu, ndine ndinamukakamiza.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa Mphatso, mumuuze kuti amayi ake aang'ono amva zoti wakhoza mayeso. Chrissie akupereka moni wambiri, ana nawonso. Moni wa achimwene sindiulemba chifukwa sanandipatse. Ndinapita dzulo kukaupempha, ananditsekera chitseko ndili pakhonde. Zinandiwawa, sindibisa, ndinalira njira yonse. Koma ndavomera kuti asandilankhule mpaka ukalamba wawo, bola ukalambawo aufike.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Tinenenji