Ndulu ya Mayi a Chisomo

Lachinayi madzulo. Tsiku lolemera.

Ndangofika kuchokera kuchipatala ku Lilongwe. Akazi anga, Mayi a Chisomo, anawachita opaleshoni dzulo, ndulu anaichotsa. Ali moyo, koma sindinawaonepo chonchi: maso achikasu, kapaipi kotulutsa mafinya kali pansi pa nthiti.

Adokotala anandiitanira pakhonde. "Bambo, akanachitidwa chaka chija, bwenzi atatuluka patangopita masiku ochepa. Timiyala tinatseka njira, ndulu inatupa mpaka kumatirira kuchiwindi. Tavutika nayo."

Chaka chijatu tinapita ife. Anatilembera tsiku, mliri wa korona n'kugwa, achipatala n'kutiuza kuti amene matenda awo si achangu ayambe adikira. Anatibweza kawiri. Kenako Mayi a Chisomo anangozolowera. Ululu ukawagwira pamsika pa Kamwendo, ankagwada kuseri kwa benchi la tomato, ukaleka n'kudzuka kugulitsa. Inenso ndinasiya kuwafunsa. Chimenechi ndiye chikundidya mumtima.

Atatsitsimuka pambuyo pa opaleshoni anandigwira dzanja. "Bambo a Chisomo, ana musawauze kuti zavuta. Muwauze kuti ndibwera Loweruka."

Ndawauza. Chisomo wachapa kale zofunda za amayi ake, uku akuimba. Adokotala za Loweruka sananene, ndipo ine kumuyang'ana mwanayu kumaso ndikulephera...