Zaka Ziwiri Zobwereka

Lolemba, 5 Okutobala 1998

Loweruka likubwerali Bambo akwanitsa zaka 90. Achimwene anga a Fintan agawa kale ntchito ngati mkulu wa asilikali: iwo holo ndi oyimba, alamu keke, ine mndandanda wa makolo athu woti tiuike mu felemu n'kuwapatsa Bambo pamaso pa anthu. "Iwe Dympna, si unapita ku yunivesite? Digiri ija igwireko ntchito kamodzi."

A F. akufuna ndiwapezere mfumu mu mzere wa a Culligan. Akuti banja lililonse muno mu Clare linachokera kwa mafumu akale. Ndawafunsa kuti ngati onse anali mafumu, mbatata ankakumba ndani? Adula foni.

Lachiwiri, 6 Okutobala

Tsiku lonse ku laibulale ya ku Ennis, kupukusa makina owonera mapepala a kalembera wa 1911. Maso kuwawa. Pambali panga mzibambo wa ku Boston akufunafuna agogo ake otchedwa Mary. Mulungu amuthandize.

Kenaka nyumba yathu, mbee pagalasi. Cornelius Culligan, zaka 41, mlimi. Honora, mkazi wake, 33. Zipinda ziwiri, mazenera atatu akutsogolo. Mazenera amenewo ndimawadziwa! Pa lapakati agogo a Honora ankaikapo buledi kuti azizire, ine n'kumabenthula m'mbali poganiza kuti sakuona. Fungo la utsi ndi malaya onyowa. Lero nyumbayo alamu amasungiramo matayala.

Mfumu palibe. Koma pali china. Bambo anabadwa pa 10 Okutobala 1908, ndiye amayenera kulembedwa zaka ziwiri. Pepala likuti: Malachy, miyezi 9. Ndinati wolemba anali ataledzera, koma dzanja ndi la agogo aamuna eni ake, amene mowa sankaulawa n'komwe. Ndipo pa mzere wa agogo aakazi: ana obadwa, 4. Amoyo, 3.

Wachinayiyo sindinamumvepo.

Lachitatu, 7 Okutobala

Kunyumba ya ansembe. Eni ake kulibe, koma ufumu weniweni uli m'manja mwa Mayi Hehir, owasamalira pakhomo. Andisambitsa m'manja kawiri asananditulutsire buku la ubatizo, n'kukhala pambali panga ngati ndithawa nalo.

Zonse m'Chilatini, zilembo ngati nkhuku yapalasa. Okutobala 1908: Malachias, ndiye kuti Malachy, mwana wa Cornelius ndi Honora. M'mbali mwake kamtanda kakang'ono, ndi liwu limodzi lotanthauza kuti anamwalira, 1909. Ndatsegula masamba angapo. Juni 1910: Malachias, makolo omwewo.

Awiri.

Mayi Hehir sanadabwe. "Kale zinali choncho, mwanangu. Mwana akapita, dzina silinkatayidwa ayi. Wotsatira ankalivala ngati jekete la mkulu wake. Ine ndine Kathleen wachitatu. Tiyi umwa?"

Choncho tsiku limene takhala tikuwaimbira Bambo moyo wanga wonse ndi la khanda lomwe silinafike n'komwe poyenda. Iwo ali ndi zaka 88.

Lachinayi, 8 Okutobala

Ndawauza a F. Amvekere: "Keke yalembedwa kale 90! Msuweni akuchokera ku Leeds! Usayerekeze kuwauza, uwapha. Lemba Malachy mmodzi, 1908, basi. Akafufuza ndani?"

Ndalemba mmodzi. Ndang'amba. Ndalembanso mmodzi. Ine amene zaka makumi atatu ndinkakalipira ana a sukulu chifukwa chopeka madeti.

Lachisanu, 9 Okutobala

Masana kwa Bambo, kukasita malaya a mawa. Ndawapeza pafupi ndi mbaula, wailesi ikulira pamahatchi othamanga. Pepala la mndandanda lija ndinalibisa m'chikwama, koma akuluwa maso adakali akuthwa.

"Aprofesa afika. Mfumu ya Fintan mwaipeza?"

"Ndapeza alimi okhaokha, Bambo."

"Ndiye wakhala ukuzungulira chani ngati galu wofuna pogona? Kathleen Hehir wandiimbira kale. Akuti unatumbuluka ngati mkaka."

Chinsinsi cha parishi ino chimatha maola angati? Ndakhala pansi, nsimbi ili m'manja. Ndayamba kufotokoza mozungulira, za mabuku akale, za ansembe olemba molakwitsa. Andidula.

"Palibe analakwitsa. Ndinali ndi zaka 16, kuno kunalibe ntchito, ndipo kapitawo wa ku Liverpool sankatenga munthu wosakwana 18. Amayi anapita okha kukatenga pepala la ubatizo, n'kubwera ndi la mkulu wanga. Anandisokera m'kati mwa jekete. Amvekere, 'Mnzakoyu sanapiteko kulikonse, ngakhale pachipata. Umutenge akaone dziko.'"

Atsitsa wailesi.

"Ndiye ndinamutenga. Wakumba ngalande ku Liverpool, wakwatira amayi ako, wavota, wakhomerera denga la nyumba ino. Kumowa nakonso ankapita, koma ameneyo anali ine."

Akuti chaka chilichonse pa 10 Okutobala agogo ankayatsa kandulo pazenera lapakati lija. Ife ana tinkati ndi ya Bambo. Ndimakumbuka ndithu, ndinkapempha kuti ndiizimitse ndine, agogo n'kundimenya kadzanja.

"Nanga Mayi ankadziwa?"

"Amayi ako? Ankanyadira kuti anakwatiwa ndi munthu wamkulu, wokhwima nzeru. Ndikanawachotsera bwanji?"

Ndaseka mpaka kolala yapsa pang'ono. Ndawafunsa kuti ndiye mawa titani, poti keke ikunama.

"Ikunama pati? Yalembedwa Malachy 90. Malachy akukwanitsadi 90. Undibweretsere chipepala chakocho m'mawa, usanachitsekere m'galasi."

Loweruka, 10 Okutobala

Ndafika 9 koloko, ndawapeza atavala kale tayi, kolala yopsa ija aibisa bwinobwino. A F. analinso pomwepo, kudzayesa mawu awo a paphwando, nkhope ili gwa pondiona ndi pepala.

Bambo aliyala patebulo, pakati pa batala ndi shuga. Atsata ndi chala kuchokera kwa Cornelius ndi Honora kutsika. Bridie, Con, kenaka dzina lawo, lokha, 1908.

"Mwamusiya panja," atero.

A F. ayamba: "Bambo, anthu asokonezeka, tingozisiya mmene..."

"Fintan, mwana wanga, iwe unkafuna mfumu. Khala chete uone munthu amene ndamudyera zaka ziwiri."

Apempha cholembera. Ajambula kanthambi kena, kokhota, pafupi ndi koyambako. Pansi pake alemba pang'onopang'ono: Malachy, 1910. Aliyang'ana nthawi yaitali.

"Ha. Sindinalembepo chaka chimenechi chibadwire."

Kenaka andikankhira cholembera.

"Pa wamkuluyo usaikepo kamtanda lero. Ali ndi phwando 2 koloko."