Ndinakwera Boti la a Jafali

Amayi, kodi kumene muliko mukudzuka bwanji? Ndine Banaba wanu, mwana wanu woyamba uja. Chaka chino ndakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi kudza ziwiri. Mutu wayera wonse, koma kwa inu ndikadali yemwe uja munkamukoka khutu. Kulemba mukudziwa kuti ndinaphunzira ndevu zitamera kale, ndiye mundilezere mtima, ndipita pang'onopang'ono.

Ndiyambe ndi zakumudzi. Mdzukulu wanu Luka ali ndi mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu, Agata. Kulira kwake ndi kwa mwini dzina akamaitana nkhuku, kumamveka mpaka kumsewu. Chimanga sichinachite bwino, mvula inadula chitangomasula, koma mpunga wa kudambo watipulumutsa. Nyanja yakwera kwambiri, yameza thandala ziwiri zimene mlongo wanga Esinati ankayanikapo usipa. Denga la khitchini yanu linagwa dzinja lachiwiri mutatisiya, ndinaikapo mitengo ina. Mtengo wa mango uja ulipo, ukubereka ngati sunamve kuti munapita.

Tsopano ndifike pa chimene chandisowetsa pokhala.

Lole ija ndinkanyamulira usipa kupita ku Limbe, imene munkaizindikira ikadali kutali, abwana aigulitsa. Agula thilaki yaikulu, mutu pawokha, ngolo yaitali payokha, zolumikizana pa chitsulo chimodzi. Anandiitana n'kundiuza bwinobwino, mopanda chipongwe, kuti laisensi yanga siilola galimoto yotere. Ndiyenera kukayesedwa. Ndikakhoza, thilaki ndi yanga. Ndikalephera apatsa wina, poti galimoto siingakhale pansi kudikira munthu mmodzi. Mayesowo ndi mawa, Lachinayi. Ndikulemba pano ndakhala pa mthunzi wa ngolo yomweyo.

Akundiphunzitsa ndi a Saidi, dalaivala wa ku Lungwena amene wayendetsa zazikuluzi mpaka ku Beira. Ndi wamng'ono kwa ine, akanatha kukhala mwana wanga, koma ntchito amaidziwa. Timapita pa bwalo la mpira kuseri kwa msika kuno ku boma. Amaimika migolo mizere iwiri, pakati n'kusiya mpata wongokwana ngolo, ndipo ine ndiyenera kuilowetsa chammbuyo osagunda mgolo.

Kupita kutsogolo palibe vuto, Amayi, ndikhoza kukafika kulikonse. Nkhani ili pobwerera m'mbuyo. Mundimvetse bwino apa. Pa lole, ukafuna kuti kumbuyo kupite kumanja, chiwongolero umapindira kumanja. Manja anga achita zimenezo zaka makumi anayi, sandifunsanso. Pa thilaki iyi zinatembenuka. Ukafuna ngolo ipite kumanja, uyambe wapindira kumanzere. Mutu wanga unamva tsiku loyamba lomwe, koma manja akana. Ndimayang'ana pagalasi, ndiona ngolo ikuthawira uku, manja aithamangira okha, ndipo m'malo moibweza aiwonjezera. Basi ngolo yapindika ngati chigongono, yatsala pang'ono kudzagunda chitseko changa chomwe.

Sabata yoyamba ndinaphwanya migolo itatu. A Saidi anaugwira wachitatuwo ngati munthu wodwala, n'kunena kuti, "Che Banaba, kodi migoloyi inakulakwirani chiyani? Tiuzeni tipepese isanathe yonse." Amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa bwalo anaseka mpaka kugwirana mapewa. Pano akandiona amasuntha madengu awo ndisanalize n'komwe injini. Inenso ndinaseka nawo, koma ndinakumbukira mawu anu. Munkati nkhuni youma siipindika, imathyoka. Ndinayamba kuganiza kuti nkhuniyo ndine.

Chakudya chinaleka kulowa. Ndikakhala pansi ndimadzuka, ndikadzuka ndimasowa kopita. Mayi a Luka akuti tsiku lina anandipeza ndagwira mbale yopanda kanthu ndikuizunguza uku ndi uku, maso ali pa khoma.

Lamulungu lapitali ndinapita kwathu ku Nkope. Ndinapeza mlamu wanga a Jafali, amuna a Esinati, akusoka ukonde wa chilimira pansi pa mtengo, ndipo ndinawafotokozera zonse. Sanaleke kusoka. Anangoti chimene chikundivuta ine, munthu aliyense wa boti la injini amachidziwa. Akuti mkono wa injini ukaukankhira kumanja, boti limalowera kumanzere, ndipo dzanja limazolowera lokha m'mawa umodzi. Anati ndibwere mawa lake ndidzagwire.

Ndinakana, Amayi. Izi muzimve kaye, ndinakana. Ndinawakumbutsa za mwera uja, pamene bwato la abambo linakapezeka ku Nkhudzi lili lokha, iwo n'kudzapezeka tsiku lachitatu. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Titachoka kumanda munandigwira pa mkono apa, zala zanu ndimazimvabe, n'kundiuza kuti, "Galimoto ikafa umatsika n'kuyenda pansi. Nanga bwato likafa, utsikira kuti?" Munandilumbiritsa kuti sindidzakwera chilichonse choyandama. Nditakula pang'ono munanditumiza ku boma kukakweza matumba pa malole, ndipo uko ndi kumene ndinaphunzirira chiwongolero. Zaka makumi asanu ndasunga mawu amenewo. Ngakhale maliro a azakhali aja kutsidya, anzanga onse anawoloka pa boti, ine ndinazungulira pa mlatho n'kufika anthu akubalalika.

A Jafali anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anabaya singano mu ukonde n'kundifunsa kuti ndikalephera mayeso ndidzabwera kudzagwira ntchito yanji pa Nkope. Munda wathu mukuudziwa kuchepa kwake. Lole zazing'ono zili ndi eni ake, ndipo palibe amene amalemba dalaivala wa imvi. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Alamu, mukwere kamodzi mwa kufuna kwanu, apo ayi mudzakwera tsiku ndi tsiku chifukwa cha njala."

Ndinapita pa manda panu kuti ndikufunseni, ndinazula udzu pang'ono, koma ndinabwerera osakufunsani. Ndinachita manyazi ngati mwana amene waganiza kale zokaba.

Lolemba m'mawa ndinakwera. Madzi anali bata, ndipo tinagwirizana kuti sitipita kutali. A Jafali anandikhazika pa thabwa. Analiza injini n'kuika dzanja langa pa mkono uja. Ulendo woyamba ndinakalowetsa boti mu bango, mbalame zonse balala. Iwo anangoti migolo yapuma, lero ndi tsiku la bango. Anandiuza kuti vuto langa ndi liwuma la munthu wa lole, ndimafuna chinthu chimve nthawi yomweyo. Boti limayankha mochedwa. Ukankhe pang'ono, udikire, ndipo likangoyamba kutembenuka ubweze dzanja lisanamalize, chifukwa ukadikira kuti limalize wachedwa kale.

Tinazungulira chikhomo cha ukonde kaya kangati. Dzuwa litakwera ndinazindikira kuti sindikuganizanso. Ndikafuna kumanzere, dzanja linkapita lokha kumanja. A Jafali anali atatembenuka, akusenda chinangwa, osandiyang'ananso.

Pali china chimene sindinauze munthu aliyense. Ndinakondwa, Amayi. Ndicho chikundiwawa kuposa kukwerako. Ndinaona mudzi wathu kuchokera pa madzi, mmene abambo ankauonera pobwera m'mawa. Ndinaona mtengo wa mango uja, ndi denga la khitchini yanu. Ndinabadwira pamenepo, koma sindinkadziwa kuti pamaoneka chotero. Mtima unafuna kuti tipitirire pang'ono, ndipo ndinachita kuugwira.

Titafika kumtunda tinapeza Esinati ataima pa mchenga, manja ali kumutu. Sanakalipe. Anangondiyang'ana ndi maso anu aja n'kutembenuka. Ponditsanzika sanatuluke m'nyumba, ndipo mpunga umene amandipatsira nthawi zonse sanandipatsire.

Dzulo ndinabwerera pa bwalo. Ndisanaponde kalachi ndinatseka maso n'kudziuza kuti ichi si chiwongolero, ndi mkono wa injini, ndipo chili kumbuyoku ndi boti. Ndinapinda pang'ono, ndinadikira. Ngolo inayamba kubwera, ndinabweza isanamalize. Inalowa pakati pa migolo mwakachetechete ngati ng'ombe yodziwa khola lake. A Saidi anavula chisoti, anati mashallah, n'kundifunsa kuti ndapita kwa sing'anga wake uti. Ndinati wa ku Nkope, amachiritsira m'bango. Mmodzi mwa amayi a tomato aja analuluta.

Koma musaganize kuti zatha. Dzulo inalowa kawiri, katatu inakana. Lero yalowa kanayi, kenako ndinatopa, manja akale aja anabwerera, ndipo ndinagwetsa mgolo wina. Oyesa sapatsa munthu mpata wa tsiku lonse. Mawa akhoza kudzuka manja a lole, akhozanso kudzuka a boti, sindikudziwa. A Saidi akuti ndipume, koma ndazungulira kale thilakiyi katatu ndikugogoda matayala amene ndawagogoda kale.

Ndiye ndati ndikuuzeni ndekha, musamvere kwa ena. Ndinaphwanya mawu anu. Ndinakwera kamodzi kuti ndisadzakwerenso, umo ndi mmene ndikudzitonthozera, koma mwini mawu ndinu, ndipo ndinu munganene ngati zikumveka. Ndikakhoza mawa, phazi langa silidzapondanso m'boti, ngakhale mtima ufune chotani. Ndikalephera, sindilonjeza kanthu, chifukwa sindifuna kukunamizani kawiri.

Mukukumbuka kuti ndikamadutsa pa mphambano ya kwathu ndinkaliza hutala kawiri, inu n'kuuza aliyense amene ali pafupi kuti Banaba wadutsa, ali moyo. Chimwalirireni sindinaleke, ndimalizabe. Zikayenda bwino, ulendo woyamba wopita ku Monkey Bay ndidzaliza pomwepo. Hutala ya thilakiyi ndi ya mpweya, ndi yaikulu, imathamangitsa mbuzi. Musadzadzidzimuke. Mukadzamva kawiri, ndine, ndili pa msewu, pouma.

Mundiyankhe, Amayi, mawa lisanafike ngati kungatheke. Mubwere ngakhale kutulo, ngakhale kudzangondikoka khutu osanena kanthu, ndidzamva. Mukadutsenso kwa Esinati, poti kwa ine sakutsegula chitseko. Mupereke moni kwa abambo, muwauze kuti mudzi ndauona.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Banaba