Azakhali Atabwera Kudzakhala

Lolemba, 3 Malichi

Azakhali akadali pano. Pamaliro a amayi anati angokhala pang'ono, lero abweretsa sutikesi ina. Makiyi onse a m'nyumba muno ali m'chiuno mwawo tsopano. Akamadutsa umayamba wamva makiyiwo, eni ake pambuyo.

Lachitatu, 5 Malichi

Ndafika kuchokera kugalaja ndili mu ovololo, manja ali bii ndi girisi. Azakhali andiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Mwana wamkazi kumagona pansi pa galimoto? Malemu anakulekerera iwe." Bambo anangokweza wailesi.

Loweruka, 8 Malichi

Chitseko cha kuchipinda kwathu azakhali achotsa. Akuti mtsikana wabwino alibe chobisa. Ine ndi mng'ono wanga tapachikapo nsalu. Izi ndikulembera kubafa.

Lachiwiri, 11 Malichi

Azakhali apita kugalaja osandiuza. Abwana anandiitanira pambali, maso ali pansi: "Takambiranani kaye kunyumbako, ntchito siithawa."

Lachinayi, 13 Malichi

Kunabwera mlendo, mwini sitolo ya zitsulo, msinkhu wa bambo. Mkazi wake anamwalira chaka chatha. Ine sanandifunse kalikonse, anangofunsa azakhali ngati ndili womvera.

Atapita ndinawauza azakhali mosapsatira kuti sindikumufuna, ngakhale andimange ndi chingwe. Ndimayesa akalipa. Ayi ndithu, anangomwetulira uku akupinda zovala. "Palibe kanthu, mwanawe. Mlongo wanga ali ndi ana aakazi awiri."

Mng'ono wangayo sanamalize n'komwe sukulu. Akapsa mtima amalirabe ngati khanda.

Lachisanu, 14 Malichi

Ndinawapeza bambo ali okha pakhonde, ndinawauza zonse. Anapukuta magalasi nthawi yaitali. "Azakhali akowa ndi amene anandilera ine. Ndiwayankhe bwanji?"

Lamulungu, 16 Malichi

Pobwera kumsika ndinapeza galimoto ya mkulu uja ili pakhomo. Pabalaza azakhali akuseka mokweza. Kenako mng'ono wanga anatulukira kukhitchini atanyamula thireyi ya tiyi. Amuveka diresi lalitali, milomo amupaka. Makapu akungogundana. Mkulu uja maso onse ali pa iye.

Ndinamulanda thireyiyo. "Pita ukawerenge, mawa uli ndi mayeso." Anathamanga osacheuka.

Azakhali anasendera, nkugogoda pa sofa pakati pa iwo ndi mlendoyo.

Ndinakhala.