Zala Zanga M'kabokosi ka Kuwala

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji kumeneko? Chifuwa chija chakusiyani? Ife kuno tilipo, adzukulu anu akungokula.

Ndamva kuti mng'ono wanga akufuna kukasoketsa diresi lake laukwati kwa telala wina, poti ine nyamakazi yandigwira zala. Zimenezo zandiwawa kuposa nyamakaziyo. Mwana woti ndinamulera pamsana pangapa, avale zosoka mlendo ine ndili moyo?

Tamverani za kuchipatala. Kuli makina ooneka ngati kabokosi. Umalowetsamo manja, lamba amakufinya mikono pang'ono, kenako kuwala kofiira kumadutsa m'zala. Palibe jakisoni. Manjawo amaoneka pa kompyuta, ndipo mfundo zotupa zimafiira, ngakhale mwiniwake utalumbira kuti sizikupweteka.

Tsiku loyamba ndinachita manyazi. Poopa kuti andiletsa kusoka, ndinatsata nzeru zanu zija: ndinaviika manja m'madzi otentha, n'kupaka mafuta owotcha aja kuti zala ziwongoke. Chithunzi chinatuluka psuu, ngati ndagwira makala. Anamwino ananunkhiza manja angawo, n'kuseka mpaka misozi. Anati kutenthako kwasokoneza makina, ndidzabwerenso ndisanapake kanthu.

Nditabwerera, adokotala anapeza kuti kutupa kwenikweni kuli pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, zogwirira singano zomwezo. Anandisinthira mankhwala. Sabata yatha anandiyezanso, n'kuyika zithunzi ziwirizo pamodzi. Kufiira kwachepa, Amayi, ndadzionera ndi maso angawa! Sananene kuti ndachira. Akuti matendawa satheratu, amangogona. Koma andilola kusoka, bola ndizipumira. Sizasi ikundivutabe, moti nsalu akundidulira ndi mkamwini wanu, mokhotakhota, ine ndili pambali kukalipa.

Pempho langa ndi limodzi. Muuzeni mwanayo asapereke nsaluyo kwina. Mumuyeze ndi zingwe monga munkachitira kale, china m'chifuwa, china m'chiuno, china cha msinkhu, mudule, munditumizire pamodzi ndi nsaluyo. Poyeza asakoke mimba, ndimamudziwa.

Mundiperekere moni kwa abambo, amalume, azakhali, ndi alamu anga atsopanowo. Kwa mkwatibwi moni wake ndi uyu: m'mawa uno ndalowetsa ndekha ulusi pa singano, popanda wondithandiza. Mumuuze kuti unali woyera.

Tsalani bwino.

Ndine mwana wanu woyamba,
telala wa pakhomo panu